Phở: Msuzi wa Mafupa wa ku Vietnam ndi Kadziwidwe ka Mphika Wabwino

Ng'ombe ikaphedwa pamsika, nyama ya mnofu imatha msanga, ndipo imapita kwa anthu a thumba lolemera. Mafupa, mchira ndi mang'ina zimadikira munthu wofika mochedwa kapena amene ndalama zamuperewera. Umu ndi mmene zimakhalira m'malo ambiri kumene anthu amadya ng'ombe. Koma anthu a ku Vietnam, dziko la kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, adatenga zotsalira zomwezi ndi kupanga chakudya chimene lero chimatchukitsa dziko lawo m'maiko akutali. Dzina lake ndi phở. Potchula, eni ake amatulutsa mawu oyandikira ku "fa", n'kukweza pang'ono kumapeto ngati munthu amene akufunsa funso.

Awerengi athu a ku Tete ndi ku Angónia dzikoli amalidziwa kudzera ku Movitel, kampani ya mafoni imene idayamba ntchito ku Mozambique mu 2012 mothandizana ndi Viettel ya ku Vietnam. Ena adaonapo dzina lake pa matumba a mpunga m'magolosale. Mwezi uno tiyeni tilowe m'khitchini mwawo, tione chimene chili m'mbale ya phở, mmene amadyera, ndi mmene munthu amadziwira malo amene amaphika bwino. Nkhani ya msuzi ingaoneke yopepuka, koma mukaitsata mupezamo mlimi, mayi wa geni, njala ya dziko lonse, komanso funso limene aliyense wogula chakudya pamsewu amadzifunsa: kodi mphika uwu ndiukhulupirire?

Zimene zili m'mbale

Mbale ya phở ili ndi zinthu zinayi. Pansi pamakhala tizingwe toyera ta ufa wa mpunga, tofanana ndi sipageti koma taphanthiphanthi ndi tofewa, totchedwa bánh phở. Popanga tizingweti amaviika mpunga, n'kuupera pamodzi ndi madzi, n'kuphika phalalo pa nthunzi litayalidwa mopyapyala ngati nsalu, kenaka n'kudula timizeremizere. Pamwamba pa tizingwe amayala nyama ya ng'ombe yodulidwa mopyapyala kwambiri. Amawazapo anyezi wa masamba ndi masamba ena onunkhira. Pomaliza amathira msuzi wowira kuchokera mumphika waukulu. Pa zinayi zonsezi, mwini nkhani ndi msuzi.

Wophika amayamba ntchito dzulo lake. Amatenga mafupa a miyendo okhala ndi mafuta m'kati, mafupa a m'mfundo ndi mchira, n'kuziwiritsa kwa mphindi zochepa. Madzi oyambawa amawataya pamodzi ndi magazi ndi thovu lakuda. Mafupa amawatsuka, mphika amautsukanso, ndipo apa ndi pamene amathira madzi atsopano ndi kuyamba kuphika kwenikweni. Anyezi ndi jinja saziponya mumphika zili zaziwisi. Amayamba waziwotcha pa makala mpaka khungu litada, kuti ukali wake uchoke, kutsale kutsekemera ndi kafungo ka utsi. Zonunkhiritsa amazikazinga pa chiwaya chouma: makungwa a sinamoni, kambewu kooneka ngati nyenyezi kotchedwa hoa hồi, ndi njere zakuda zotchedwa thảo quả. Mchere amathira mosamala, chifukwa wina umachokera ku nước mắm, madzi ofiirira amene amatuluka pamene tinsomba ta m'nyanja ya mchere, tonga usipa, tasungidwa mu mchere m'migolo kwa miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu.

Chimene chimasiyanitsa katswiri ndi wophunzira ndi moto. Mphikawu suyenera kubwata mwamphamvu. Moto ukakula, mafuta ndi zinyatsi za m'mafupa zimasakanikirana ndi madzi, ndipo msuzi umachita mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Pamafunika moto wochepa, wongonjenjemeretsa madzi, kwa maola 6, maola 8, mwinanso usiku wonse, wophika ali pambali ndi chipande chake kuyengula thovu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kukamacha mumphika muja mumakhala msuzi woonekera mpaka pansi pa supuni, wofiirira pang'ono ngati tiyi wopanda mkaka, koma wolemera pakamwa. Mukausiya kuti uzizire umagwirana, chizindikiro chakuti mafupa apereka zonse zimene anali nazo.

Kumene adachokera

Phở si chakudya cha makolo akalekale. Adayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kumpoto kwa Vietnam, ku Hanoi ndi ku Nam Định, nthawi imene dzikolo linkalamulidwa ndi Afalansa. Kale alimi a kumeneko ankasunga ng'ombe ndi njati zoweta kuti ziziwalimira m'minda ya mpunga, ndipo ndiwo zawo zinali nsomba, nkhumba ndi nkhuku. Atsamunda atafika ndi nkhuli yawo ya nyama ya ng'ombe, ng'ombe zidayamba kuphedwa zambiri, ndipo mafupa ndi tizidutswa tosafunika patebulo la mzungu zinkagulitsidwa motchipa. Ogulitsa zakudya m'misewu, amene ena mwa iwo anali ochokera ku China ndipo ankadziwa kale kuphika tizingwe ta mpunga, ndiwo adaona mwayi pamenepo. Za dzina lenilenilo akatswiri amatsutsana mpaka lero. Ena amati lidachokera ku pot-au-feu, nyama yowiritsa ya Afalansa, pamene ena amati lidachokera ku mawu a Chitchaina cha ku Canton otanthauza tizingwe ta mpunga.

Ogulitsa oyambawo analibe nyumba yogulitsiramo. Khitchini yonse ankaisenza pa mtengo wopingasa paphewa, mbali ina mphika uli pa mbaula, mbali ina kabokosi ka mbale, tizingwe ndi nyama. Ogula anali anthu ogwira ntchito zolemetsa, monga antchito a m'fakitale ya nsalu ya ku Nam Định ndi onyamula katundu m'madoko a mtsinje, amene ankafuna chotenthetsa m'mimba mbandakucha. Midzi ina ya kumeneko, monga Vân Cù, idatchuka chifukwa ana ake adamwazikira m'mizinda ndi luso limeneli, ndipo mpaka lero zikwangwani zambiri zimalemba dzina la banja la Cồ pofuna kuonetsa kumene wophika adachokera. Cha m'ma 1939, nyama ya ng'ombe itasiya kugulitsidwa masiku ena a sabata, ophika adayamba kugwiritsa ntchito nkhuku. Kuyambira pamenepo pali phở bò, wa ng'ombe, ndi phở gà, wa nkhuku.

Mu 1954 ulamuliro wa Afalansa udatha ndipo dziko lidagawidwa pawiri. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adasamuka kumpoto kupita kum'mwera, mphika wawo uli m'manja. Ku Saigon, mzinda umene lero umatchedwa Ho Chi Minh City, nthaka ndi yachonde ndipo masamba sasowa chaka chonse. Kumeneko phở adasintha: msuzi udatsekemerako, mbale idakula, ndipo pambali padabwera mbale ina ya masamba aawisi a mtundu wa mpungabwi, mphukira za mphodza ndi misuzi ya m'botolo. Kumpoto adakhalabe ndi mbale yawo yosachulutsa zinthu. Mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita oposa 1,700 pa sitima, ndipo mkangano wa yemwe amaphika phở weniweni ndi wautali chimodzimodzi. Nkhondo itatha mu 1975, othawa kwawo adapita naye ku America, ku France, ku Australia ndi ku Britain.

Pamene mbale idatsala yopanda nyama

Gawo la mbiri limene alimi angalimve bwino ndi la zaka za usiwa. Kumpoto m'nthawi ya nkhondo, ndiponso m'dziko lonse kuyambira 1976 mpaka 1986, boma ndilo linkagawa chakudya ndi makuponi. Alimi ankalima m'minda ya gulu, ndipo zokolola zinkapita ku boma pa mtengo woikidwa ndi boma lomwelo. Malo odyera ambiri anali a boma. Nyama idasowa, mpunga wabwino udasowa, ndipo anthu a ku Hanoi ankagula msuzi ndi tizingwe popanda kachidutswa kalikonse ka nyama. Mwanthabwala adautcha phở không người lái, kutanthauza phở wopanda woyendetsa, poyerekeza ndi ndege za Amereka zopanda munthu m'kati zimene zinkauluka pamwamba pawo.

Mu 1986 boma lidayamba ndondomeko ya kusintha chuma yotchedwa Đổi Mới. Mu 1988 mabanja adapatsidwa minda yoti azilima paokha kwa zaka zambiri, ndi ufulu wogulitsa zimene akolola. Mvula inali yomweyo, nthaka yomweyo, alimi omwewo, koma mu 1989 dziko limene linkasowa chakudya lidagulitsa kunja mpunga woposa matani miliyoni imodzi. Mu 2024 lidagulitsa pafupifupi matani 9 miliyoni. Mlimi atayamba kuona phindu la thukuta lake, mpunga udachuluka, ng'ombe zidabwerera pamsika, ndipo mbaula za mabanja zidayakanso m'misewu. Mphika wa m'tauni sungakome ngati mlimi wa kumudzi wamangidwa manja.

Si mlimi wa mpunga yekha amene ali m'mbale imeneyi. Hoa hồi amachokera makamaka m'mapiri a Lạng Sơn, kumalire ndi China. Thảo quả amalimidwa pansi pa mitengo ya m'nkhalango za mapiri a Lào Cai ndi anthu a mitundu ya Hmong ndi Dao. Sinamoni wotchuka amachokera ku Văn Yên, kumene mabanja a mtundu wa Dao ali ndi mwambo wopatsa ana awo mitengo ya sinamoni akamalowa m'banja. Mitengo imeneyi imatenga zaka zingapo isanayambe kupindulitsa, choncho amene amaibzala ndi munthu amene ali ndi chikhulupiriro chakuti mundawo udzakhalabe wake. Asodzi a ku Phú Quốc ndi ku Phan Thiết ndiwo amapereka nước mắm. Alimi a m'madimba ozungulira mizinda amafika ndi anyezi, tsabola ndi mandimu kusanache. Mbale imodzi ya m'mawa imadyetsa mabanja ambiri amene wodyayo sadzawaona.

Kadziwidwe ka malo abwino

Ku Hanoi ndi ku Ho Chi Minh City malo ogulitsa phở ndi osawerengeka, ndipo onse zikwangwani zawo zimalonjeza zabwino. Nanga mlendo asankhe bwanji? Eni dziko ali ndi zizindikiro zawo, ndipo n'zothandiza kulikonse kumene chakudya chimagulitsidwa.

Choyamba, onani kuchuluka kwa zimene akugulitsa. Malo abwino a phở kawirikawiri amagulitsa phở basi, ndipo ambiri amasankha pakati pa ng'ombe ndi nkhuku. Amene walemba zakudya makumi atatu pakhoma sangakhale ndi nthawi yolondera mphika usiku wonse. Mapanga awiri avumbwitsa.

Chachiwiri, onani amene akudya ndi nthawi imene akudya. Phở ndi chakudya cha m'mawa makamaka, ngakhale amapezeka masana ndi usiku. Mukaona mzere wa eni dera cha m'ma 6 kapena 7 koloko, njinga zamoto zitaima mbali ndi mbali, agogo atakhala pa timipando ta pulasitiki pamodzi ndi a m'maofesi, dziwani kuti mphikawo wayesedwa kale ndi anthu amene amabwera tsiku ndi tsiku. Mzere uli ndi phindu linanso: pamene ogula ali ambiri, nyama ndi tizingwe sizigonera. Malo ena otchuka amatseka msuzi ukangotha, ngakhale nthawi isanakwane 10 koloko, chifukwa mwini wake salola kuonjezera madzi mumphika.

Chachitatu, onani mphika. M'malo ambiri abwino khitchini imakhala pakhomo penipeni, pamaso pa aliyense. Mumaona mphika waukulu ukufuka nthunzi, nyama yophika itapachikidwa, wodula ali ndi mpeni wake. Fungo liyenera kukhala la nyama, jinja ndi sinamoni, lopanda kununkha kwa mafupa osatsuka. Nyumba yokongola yokhala ndi magalasi ndi nyimbo ilibe mlandu, koma ngati simukuona kumene msuzi ukuchokera, kumbukirani chikomekome cha mkuyu.

Chachinayi, lawani msuzi musanathiremo kanthu. Wabwino umayamba ndi kukoma kwa nyama, zonunkhiritsa zimabwera pambuyo mofatsa, ndipo mukameza pamilomo pamatsala kunanda pang'ono. Ophika ambiri a ku Vietnam amathirako mchere wokometsera wa m'fakitale, umene kumpoto amautcha mì chính, ndipo eni ake saona chachilendo pamenepo. Vuto limabwera pamene mcherewo ndi shuga zalowa m'malo mwa mafupa. Msuzi wotere umakoma pa supuni yoyamba, koma ndi wamadzimadzi, ndipo mukatuluka mumangomva ludzu.

Chachisanu, onani madzi. Suzumirani kumene akutsukira mbale ndi masamba. Ngati beseni limodzi la madzi akuda likutsuka mbale zonse kuyambira m'mawa, pitirirani. Onaninso ngati dzanja lolandira ndalama ndi lomwelo logwira nyama.

Chomaliza, funsani. Woyendetsa njinga yamoto, mlonda wa pa geti ndi mayi wogulitsa zipatso amadziwa kumene iwo eni amadya. Safunsa adadya phula. Pa intaneti pali ndemanga zambiri, koma zambiri zimalembedwa ndi alendo amene alawa mbale imodzi kapena ziwiri moyo wawo wonse.

Maina amene amatchulidwa

Kwa amene mwayi wa maphunziro kapena msonkhano ungawafikitse kumeneko, pali maina angapo odziwika. Ku Hanoi kuli Phở Gia Truyền, pa nambala 49 mumsewu wa Bát Đàn, m'dera lakale la mzindawo, kumene wogula amaima pamzere, n'kulipira, n'kudzinyamulira yekha mbale. Mawu akuti gia truyền amatanthauza luso losiyirana m'banja. Kulinso Phở Thìn wa pa nambala 13 mumsewu wa Lò Đúc, amene adatsegulidwa mu 1979. Kumeneko nyama amayamba waikazinga mwachangu ndi adyo pa moto waukulu, ndipo anyezi wa masamba amakwirira mbale yonse. Mumzinda womwewo muli Phở Thìn wina, wa banja lina, pafupi ndi nyanja ya Hoàn Kiếm, amene amaphika mosiyana. Kumeneko dzina likatchuka ena amalitengera, choncho nambala ya nyumba ndi yofunika ngati dzina lomwe.

Ku Ho Chi Minh City anthu amatchula Phở Hòa wa mumsewu wa Pasteur ndi Phở Lệ, onse a kaphikidwe ka kum'mwera. Phở 2000, pafupi ndi msika wa Bến Thành, adatchuka chifukwa Bill Clinton adadyako mu November 2000, pa ulendo woyamba wa mtsogoleri wa America m'dzikolo chitathereni nkhondo. Mu 2023 buku la Michelin, limene limasankha malo odyera abwino m'maiko ambiri, lidafika m'mizinda iwiriyi, ndipo malo angapo a phở, kuphatikizapo Gia Truyền, Hòa ndi Lệ, adalembedwa m'gulu la chakudya chabwino cha mtengo wofikirika. Kutchuka kumabwera ndi mizere ya alendo, ndipo eni mzinda ambiri amakhalabe okhulupirika kwa mayi wa pakona ya msewu wawo amene dzina lake silili m'buku lililonse.

Kunja kwa Vietnam, funani kumene anthu a ku Vietnam adakhazikika. Abale athu amene ali ku London angapite mumsewu wa Kingsland Road, kumene malo odyera otere andandalikana. Ku Paris ali m'dera la nambala 13, ku Sydney ali ku Cabramatta, ndipo ku California kuli dera lonse lotchedwa Little Saigon. Ku America ndi ku Australia mupeza kwambiri kaphikidwe ka kum'mwera, chifukwa ambiri mwa amene adathawira kumeneko adachokera kum'mwera. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town nakonso malo otere alipo. Zizindikiro zake n'zomwe zija: eni chakudyacho akudya pomwepo, fungo likukulonjerani pakhomo, ndipo msuzi ukuonekera mpaka pansi.

Kadyedwe kake, ndi chenjezo

Poitanitsa mumasankha nyama. Chín ndi nyama yophika mpaka kufewa. Tái ndi nyama yaiwisi yodulidwa mopyapyala, imene imapsa ndi kutentha kwa msuzi m'mbale momwemo. Nạm ndi ya m'nthiti chakumimba, gầu ndi ya pachidale yokhala ndi mafuta, gân ndi mitsempha yophika mpaka kufewa, ndipo sách ndi chifu. Mbale ikafika musaisiye kuti izizire pamene mukucheza. Dzanja lina limagwira timitengo tiwiri todyera, lina supuni. Mukalawa msuzi, finyiranimo ndimu pang'ono, ikanimo tsabola monga mwa mphamvu zanu. Ku Hanoi patebulo pamakhala viniga wa adyo ndi quẩy, timikate tatitali tokazinga m'mafuta tonga mandasi opanda shuga, timene amaviika mumsuzi. Kum'mwera mumathyola masamba ndi manja n'kumaponya m'mbale pang'onopang'ono. Misuzi ya m'botolo ndi bwino kuithira m'kambale kapadera n'kumasunsamo nyama. Kuikhuthulira m'mbale musanalawe kuli ngati kuthira mchere m'ndiwo za apongozi musanadye, chifukwa wophika uja sadagone usiku wonse.

Alangizi a zaumoyo aona kale pamene pagona ngozi. Nyama ya ng'ombe yosapsa bwino imatha kupatsa munthu njoka za m'mimba ndi matenda otsegula m'mimba. Ngati msuzi sudathiridwe uli wowira, nyama ya tái imatsala yaiwisi. Amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi onse amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chochepa asankhe chín. Masamba aawisi nawo ndi abwino monga mmene alili madzi amene atsukira. Kumapeto kwa 2007 ku Hanoi kudabuka kolera, ndipo akuluakulu a zaumoyo adachenjeza anthu za masamba odyedwa osaphika. Amene akukayika angapemphe kuti masamba ndi mphukira aziviike kaye m'madzi owira, ndipo ogulitsa ambiri amachita zimenezi mosanyinyirika.

M'chaka chomwecho cha 2007 kudamveka nkhani ina yochititsa mantha: oyendera zakudya adapeza kuti ena mwa opanga tizingwe ankathiramo formalin, mankhwala osungira mitembo, kuti tisasase msanga. Tizingwe tatsopano timaonongeka tsiku lomwelo m'dziko lotentha, ndipo ena adasankha njira yachidule. Nkhaniyi idaipitsa mbiri ya olakwa ndi osalakwa omwe, monga zimakhalira nthawi zonse nsomba imodzi ikaola m'dengu. N'chifukwa chake wophika wanzeru amadziwa amene amamupangira tizingwe, amene amamuphera ng'ombe ndi amene amamulimira masamba, ndipo sasinthasintha chifukwa cha mtengo wotsika wa tsiku limodzi.

Mphika wa pamsewu ndi akuluakulu a mzinda

Pali chinthu chimodzi chimene chimandichititsa kuganiza. Mu 2008 akuluakulu a mzinda wa Hanoi adaletsa ogulitsa oyendayenda m'misewu ikuluikulu 62 pofuna kukongoletsa mzinda. Mu 2017 nyuzipepala ya Tuổi Trẻ idayambitsa tsiku lokumbukira phở, pa 12 December chaka chilichonse. Mu 2024 unduna wa zachikhalidwe udalemba phở wa ku Hanoi ndi wa ku Nam Định m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha dziko. Chakudya chimene boma likunyadira lero chidabadwira paphewa pa munthu woyenda m'misewu, wa mtundu womwewo umene mizinda yambiri imauthamangitsa. Misewu iyenera kukhala yaukhondo ndi yodutsika, palibe angatsutse. Koma mzinda umene umangothamangitsa, osapereka malo, mpopi wa madzi ndi chimbudzi kwa ophikawo, sudziwa kuti ndi luso liti limene ukulitaya.

Kwa inu alangizi amene mumakhala pansi ndi magulu a amayi ofuna ngongole ya geni ya zakudya, nkhani ya phở ili ndi mafunso oti muwafunse. Kodi ndi chakudya chiti chimodzi chimene mayiyu amachiphika kuposa anzake onse? Kodi zophikira zake azigula kwa yani, ndipo mlimiyo angamudalire chaka chonse? Madzi otsukira azitunga kuti? Kodi adzalimba mtima kutseka mphika ukatha, m'malo moonjezera madzi? Mabanja a ku Vân Cù adalibe mpamba waukulu. Anali ndi mafupa amene ena adawakana, makala, ndi kupirira kodzuka usiku tsiku lililonse kwa zaka zambiri, mpaka ogula adayamba kutuma ana ndi zidzukulu zawo ku khomo lomwelo.

Ndipo amene ali ndi mafupa a ng'ombe, anyezi, jinja ndi sinamoni pang'ono angayese kaphikidwe kameneka pakhomo Loweruka likubwerali. Tayani madzi oyamba, wotchani anyezi ndi jinja pa makala, chepetsani moto, yengulani thovu, ndipo musafulumire. Tizingwe ta mpunga tikasowa, thirani msuziwo pa mpunga wophika. Sadzakhala phở weniweni wa mumsewu wa Bát Đàn, koma a pabanja panu adzadziwa kuti m'fupa muli chakudya chochuluka kuposa mmene tinkaganizira.